Golide Amene Sakhalitsa

Lachinayi. Ntchito ya lero inali imodzi: kuika ndakatulo ya Robert Frost, mlakatuli wa ku America, pafupi ndi nyimbo ya First Aid Kit yotchedwa Stay Gold, n'kuona zimene Klara ndi Johanna Söderberg, pachibale a ku Sweden aja, anatola ndi zimene anasiya.

M'mawa tinayamba ndi ndakatulo. Nothing Gold Can Stay inatuluka mu 1923. Ndi kanthu kakang'ono: mizere 8, mawu 40, mizere iwiriiwiri ikuthera pa kamvekedwe kofanana. Frost akuti tsamba likangophuka limaoneka ngati golide, koma mtundu umenewo ndiwo wovutitsitsa kuusunga. Amene anaonapo masamba anthete a mango, ofiirira, owala ngati apakidwa mafuta, mawa mkuja n'kupeza abiriwira ngati anzawo, wamva kale. Kenaka akutchula Edeni ndi m'bandakucha, basi watseka ndi mzere woti palibe chagolide chimene chimakhalitsa. Mawu oti unyamata mulibemo, ngakhale "ine" mulibe.

Nanga unyamata unalowera pati? Unadzera m'buku la S. E. Hinton, The Outsiders, la 1967. Mnyamata Ponyboy amalakatula mizereyi dzuwa likutuluka, ndipo mnzake Johnny, ali pafupi kutsirizika, amamuuza kuti akhalebe golide. Chigamulo cha Frost chinasanduka pempho pamenepo. Filimu yake ya 1983 inalinso ndi nyimbo ya dzina lomwelo, yoimba Stevie Wonder.

Masana, nyimbo ya 2014 ija, katatu motsatizana. Ndakatuloyi ukaiwerenga mokweza sitha ndi theka la mphindi lomwe, pomwe nyimbo ikufuna mphindi zinayi. Alongowa anatenga mzere wa m'bandakucha ndi ganizo la mzere womaliza, zotsalazo n'kumanga okha. Anaikamo anthu, "ife", okumbukira masiku ochepa a chilimwe. Kolasi anaidzaza ndi mafunso: bwanji khama lathu likathera m'misozi, bwanji msewu ukapanda kukandifikitsa? Frost safunsa kanthu. Woimba akangogamula ngati iye, womvera alibe poti agwire n'kuimba nawo.

Pamene oyamba kumene amapunthwa poisandutsa ndakatuloyi nyimbo ndi pa mzere womaliza. Mizere inayo ili ndi maphatikizo 6, uwu uli ndi 5, ndipo umayamba ndi liwu lotsindika. Ukaukakamiza pa kayimbidwe ka mizere inzake, pamatsala mpata. Ukawonjezapo kaliwu kuti udzaze, mphamvu yonse yatha, chifukwa kuperewerako ndiko kumamveketsa kuti chinachake chachoka. Njira yabwino ndi kukoka liwu lomaliza, kapena kusiya gitala ayankhe yekha. First Aid Kit anaufupikitsanso n'kuubwereza kawiri, mawu a oimba awiri aja akuyenda pamodzi.

Madzulo kunatsala nkhani ya umwini. Ku America zolemba za 1923 zinamasuka pa 1 Januwale 2019, ndiye kumeneko wopeka nyimbo akhoza kutenga mizere yonse 8 osapempha chilolezo. Mayiko ambiri a ku Ulaya amawerenga zaka 70 kuchokera pa imfa ya mlembi, ndipo Frost anamwalira mu 1963.