Mmene ndinapezera pogona potchipa nthawi ya intenishipu mu mzinda waukulu

Kalata yondilandira pa intenishipu (ntchito yophunzirira ya kanthawi kochepa) itangofika ndinayamba ndayang'ana madeti, loyambira ndi lomalizira, chifukwa nkhani yonse ya pogona yagona pamenepo. M'maiko ngati America ndi Britain, ma intenishipu a pa holide yaitali nthawi zambiri amakhala masabata 10 mpaka 12, cha mu Juni mpaka Ogasiti, pomwe malandilodi a m'mizinda ikuluikulu amafuna munthu wosayinira miyezi 12, nde ukamuuza ajenti kuti ndikufuna miyezi itatu yokha amangoti tikuimbirani, kapena akutchulira mtengo woti kamalipiro konse kathera pa lendi.

Za maajenti ndinazisiya. Ndinadzifunsa kuti kodi ndani amene chipinda chake chikhale chopanda munthu miyezi yomweyi, ndipo alipo awiri basi, mayunivesite ndi ana asukulu opita kwawo ku holide.

Ndinayambira ku mayunivesite. Ambiri sadziwa kuti mahositelo akakhala opanda anthu sukulu zina zimachititsa lendi kwa obwera kunja, yunivesite ya NYU ku New York imalandira a intenishipu ngakhale asali ophunzira ake, ya LSE ku London nayo imatsegula zipinda zake nyengo imeneyi. Ubwino wake bedi, tebulo, magetsi, madzi ndi Wi-Fi zonse zimakhala mu mtengo umodzi, komanso palibe zoopa kuti akuberani. Koma malo amatha msanga, ena amayamba kulembetsa chaka chikangoyamba kumene, kwina amafuna ndalama yonse pakamodzi usanalandire olo malipiro oyamba, kwina amakukakamiza kulipiriratu chakudya cha ku kafeteriya chomwe sudzadya chifukwa masana onse uli ku ntchito. Ndinawerengera ndipo kwa ine sizinatheke, koma ngati muli nayo yolipiriratu yambirani kumeneko ndithu.

Pomwe zinandiyendera mpa ana asukulu aja. Taganizani, munthu anasayina lendi ya chaka, akuchoka miyezi itatu, chipinda azilipirabe iye kulibe. Ameneyu akukufunani kuposa mmene inu mukumufunira, olo mutapereka yocheperako kwa iye bola kusiyana nkulipirira mphepo. Nde musachite manyazi kunenerera, makamaka holide ikamayandikira iye asanapeze munthu, mtengo umatsika wokha.

Ndinalowa m'magulu a pa Facebook a ophunzira a mumzindawo, koma m'malo momangoyankha zomwe ena aika, komwe mumakhala anthu mbweee pa chipinda chimodzi, ndinalemba uthenga wanga: madeti anga enieni, dera lomwe ndizigwira ntchito, ndalama yomwe ndingakwanitse, kuti sindisuta, ndimagona msanga. Anthu anayamba kundipeza okha ku inibokosi. Ndinafunsanso a ku ofesi yolemba anthu ntchito ngati pali ena obwera nawo nthawi imodzi, anatilumikiza pa WhatsApp, ndipo mmenemo ndi mmene ndinapezera mesho woti tigawane lendi. Funsani, saluma ayi.

Tsopano akathyali, eee, awa ngochuluka nyengo imeneyi chifukwa akudziwa kuti wa intenishipu ali kutali ndipo ali pa changu. Nkhani yawo imakhala imodzimodzi, zithunzi zokongola kwambiri, mtengo wotsika modabwitsa, mwini nyumba ati ali kunja kwa dziko, tumizani dipoziti lero lomwe pali ena akuchifuna, makiyi tikutumizirani. Ine chithunzi chilichonse ndimachiponya pa Google Lens yomwe imafufuza kwina komwe chithunzi chikupezeka pa intaneti, ukaona chipinda chomwecho chikupezeka m'mizinda ina yosiyanasiyana wadziwiratu. Amene ndinagwirizana naye ndinamupempha kuti tiimbirane pa vidiyo ali m'chipindamo, atsegule windo ndione msewu, atsegule mpope, andionetse nambala ya pa chitseko. Woona mtima savuta nazo izi, wakuba amayamba za netiweki.

Chinthu china chomwe ambiri amachidumpha, landilodi akudziwa? Mapangano ambiri a lendi amaletsa kulowetsa munthu wina popanda chilolezo cha mwini nyumba, ndipo zikaululika wotulutsidwa ndi inu, uja ali phee kwawo. Ndinapempha kuona pepala la lendi yake ndi imelo yochokera kwa landilodi yovomereza. Kenako tinalemba kapangano kathu, tsamba limodzi lokha, tsiku lolowa, tsiku lotuluka, lendi, wolipira magetsi ndi intaneti ndani, dipoziti ndi zingati ndipo idzabwezedwa liti, tonse nkusayina. Ndalama ndinatumiza kudzera ku banki kuti pakhale umboni, zapamanja ayi.

Za mtunda musanamizidwe ndi mapu. Chipinda chakutali chimaoneka chotchipa mpaka utaphatikiza thiransipoti ya mwezi wonse. Pa Google Maps mutha kuika nthawi yomwe mukufuna kufika ku ntchito, ikani 8 koloko m'mawa Lolemba, musayese usiku misewu ili pululu, muonenso kuti basi kapena sitima yomaliza imanyamuka nthawi yanji. Ine ndinasankha kutali pang'ono koma pa mzere umodzi wa sitima osasintha, kusinthasintha ndi komwe kumatopetsa. Mufunsenso ngati chipindacho chili pamwamba penipeni pa nyumba, chifukwa m'mizinda ngati New York ndi London Julayi ndi nyengo yotentha, pamwambapo pamatentha ngati mu uvuni, ngati mulibe fani nenereranitu.

Kampata ka madeti kamakhalapo ndithu, mwini chipinda amafuna kuwerengera kuyambira pa 1 mpaka kutha kwa mwezi pomwe ntchito yanu ikuyamba pakati. Ife tinagwirizana zowerengera masiku a mwezi woyamba, ndipo masiku ochepa omwe anatsala kumapeto ndinagona ku hositelo ya apaulendo, katundu ndinasungitsa kwa mesho. Airbnb, apu yopezera pogona pa kanthawi, ili ndi kuchotserako mtengo ukakhala masiku 28 kapena kuposa ngati mwini wake wayika, koma muone mtengo womaliza ataphatikiza zolipira zina zonse musanasangalale.

Tsiku lolowa jambulani chilichonse, khoma, matilesi, chitofu, pomwe panathimbirira kale, mutumizireni mwini chipinda tsiku lomwelo pa WhatsApp kuti deti ioneke. Potuluka jambulaninso, makiyi mupereke mutagwirizana kale tsiku lomwe dipoziti ilowe mu akaunti yanu.