Feteleza wa chimanga m'maluwa a mayi

Akazi anga popita ku Lizulu kukadwazika mayi awo anandisiyira malamulo awiri: ana adye, maluwa amwe madzi kamodzi pa sabata. Unali mwezi wa July, ndipo amene anagonapo ku Dedza mwezi umenewu akudziwa kuti ngakhale galu amachita ulesi kuuwa.

Maluwawo alipo asanu, m'miphika yadothi pawindo la pabalaza. Limodzi ndi loyanga, la masamba ooneka ngati mtima, limene akazi angawo amalipukuta ndi kansalu. Nsapato zanga sizinaonepo chisamaliro chotere. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti angoima chilili, osatulutsa tsamba latsopano n'limodzi lomwe. Ine mlimi wa chimanga wosachita kufunsa, matendawo ndinawadziwa pompo: njala.

Kuseri kwa chitseko kunali Urea amene anatsala pobereketsa chimanga. Ndinatenga chitsekerero cha botolo la Fanta, muyezo wathu wa paphando, n'kuthira chimodzi mumphika uliwonse. Lokondedwa lija ndinalipatsa ziwiri, poti ndi mwana wa abwana. Dothi linali louma gwaa, ndinangowaza timadzi pang'ono, uku ndikuganiza mmene adzandiyamikirire.

Tsiku lachitatu masamba anayamba kupsa m'mbali. Sabata isanathe anali ngati fodya wa m'chigafa, ndipo pamwamba pa dothi panayera mbuu. Ndinati mwina ndi chisanu, ndiye ndinasendezera mbaula pafupi. Apo ndiye ndinangomalizitsa.

Ndinathamangira kwa aneba, alangizi a zaulimi opuma. Anabwera ndi chikhoti chawo, anakanda dothi ndi chala, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene, munthu ali mtulo mumamudyetsa nsima?”

Anandikhazika pansi m'nyumba mwanga momwe. Akuti m'nyengo yozizira duwa limapumula, silikula, choncho silifuna chakudya. Feteleza amadikira September kukayamba kutentha, ukaona nsonga zatsopano. Ngakhale apo sumwaza ngati kumunda: umasungunula pang'ono zedi m'madzi, umayamba wathirira dothi, ndipo kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Urea ali ndi naitrojeni 46 pa 100 iliyonse. Kumunda dothi ndi lambiri ndipo mvula imamusungunula, koma mumphika alibe kolowera, amangokhala pamizu n'kuiwotcha.

“Nanga pano nditani, bambo?”

“Thirani madzi ambiri mpaka azitulukira pansi pa mphika, dothi litsukike. Anayiwa mwina atsitsimuka. Koma ili,” analoza lokondedwa lija, “kaitaneni adzukulu.”

Usiku sindinagone. Kutacha nzeru inabwera, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru yabwino, kungoti tsoka sasimba. Ndinatsikira kudimba, ndinathyola kholowa wa masamba a mtima, ndinasintha dothi, n'kubzala. Anafota masiku awiri, kenaka anadzuka, wobiriwira kuposa mwini malo. Ana ndinawatseka pakamwa ndi mandasi.

Patatha masabata atatu akazi anga anabwerera, atatengana ndi apongozi kuti adzamalizire kuchira kwathu. Ine monga mkamwini ndinapereka moni chapatali, manja kumbuyo, n'kuzemba kupita kumsika kukasaka kankhuku.

Madzulo pamphasa panali nsima, nkhuku ija, ndi kambale kakang'ono ka masamba. Ndinasuzumira pawindo. Mphika uja unali mpala.

“Mwana wanga, unakwatiwa bwino,” anatero apongozi kuchipinda, mokweza kuti ndimve. “Amuna ena amathera kumowa, koma awa ndiwo abzala mpaka pawindo. Sindinachite kutuluka panja, ndangothyola nditakhala pampando.”

Akazi anga sanaseke, sanakalipe. Anandisendezera kambale kaja, n'kunena motsitsa mawu:

“Idyani, bambo. Nanga mbatata yake tikumba liti?”