Zimene ndikuphunzira pa kandalama ka theka la real

Miyezi yapitayi ndakhala ndikuphunzira za ndalama zasiliva zimene Spain inkasula m'maiko a ku America amene inkalamulira. Mtengo wa ndalamazi unkawerengedwa m'ma real. Osonkhanitsa ndalama zakale ambiri amathamangira ndalama yaikulu ya ma real 8, yolemera pafupifupi magalamu 27. Ine mtima wanga uli pa kakang'ono, theka la real, ka magalamu 1.7 okha, kukula kwake ngati chikhadabo. Zikuluzikuluzo zambiri zinkapakiridwa m'zombo kupita ku Spain ndi ku Manila, pomwe tating'onoti ndi timene tinkayenda m'manja mwa anthu wamba pamsika. N'chifukwa chake tambiri timapezeka zilembo zitafufutika, tina titabooledwa kuti mwini wake amangirire pachingwe. Kobooledwa kamatsika mtengo, koma ine ndimakakonda koteroko, chifukwa bowolo likuonetsa kuti kanali ka munthu amene sankafuna kukataya.

Zakalekale zinkasulidwa pamanja: amadula chidutswa cha siliva, n'kuchiika pakati pa zidindo ziwiri, n'kumenya ndi nyundo. Dzina lake ndi macuquina. N'zokhotakhota, ndipo nthawi zambiri chidindo sichinagwire ponse. Zozungulira bwino za makina zinayamba ku Mexico mu 1732.

Chondivuta kwambiri, komanso chondikoka, ndi kuwerenga tizilembo. Pamafunika galasi lokulitsa ndi kuwala kochokera chammbali. M wokhala ndi ka o pamwamba ndiye Mexico City, kumene anayamba kusula mu 1536. P ndiye Potosí, ku Bolivia wa lero. Ndiye pali chilembo china, cha dzina la woyesa siliva. Munthu ameneyu ankaika dzina lake pa ndalama kuti siliva akapezeka wosakwanira, adziwe womugwira. Ndipo zinachitikadi. M'zaka za m'ma 1640 ku Potosí ankathira mkuwa wopitirira muyeso, mpaka amalonda a ku Ulaya anayamba kuzikana ndalamazo. Mfumu ya Spain Felipe IV inatumiza Francisco de Nestares Marín kukafufuza, wamalonda a siliva Francisco Gómez de la Rocha anaphedwa, ndipo mu 1652 ndalama za ku Potosí zinasinthidwa maonekedwe kuti anthu ayambirenso kuzikhulupirira.

Koma dzina la wokumba siliva silipezeka paliponse pa kandalamaka, ndipo zimenezi zimandipweteka. Siliva wa m'phiri la Cerro Rico, la ku Potosí komweko, anadziwika kwa Asipanya mu 1545. M'ma 1570 Francisco de Toledo, woimira mfumu ku Peru (nthawiyo Potosí anali pansi pa Peru), anakhwimitsa thangata lotchedwa mita: chaka chilichonse midzi ya eni nthaka inkakakamizidwa kutumiza mwamuna mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse kumigodi. Ena ankatumizidwa ku Huancavelica kukakumba mercury woyengera silivayo, poizoni amene anapha anthu ochuluka. Mabuku a osonkhanitsa amatha masamba ndi masamba pa mtengo ndi kusowa kwa ndalama, nkhani ya mita n'kungoidumpha. Ine ndayamba kulemba m'kope langa, pambali pa kandalama kalikonse ka ku Potosí, chaka chake ndi zimene zinkachitika m'phirimo nthawi imeneyo.