Tsiku limene Dark Helmet anatukwana apongozi anga

Mkazi wanga anandichenjeza tili m'minibasi yopita ku Dedza. "Bambo a mwana, filimu yanu ija musakaionetse kwathu." Ine ndinangoti iwe usade nkhawa, nthabwala sizisankha mudzi.

Filimu yake ndi Spaceballs. Anaipanga Mel Brooks mu 1987 pofuna kunyogodola Star Wars ya George Lucas, imene inatuluka mu 1977. Chilichonse choopsa ku Star Wars, kuno anachisandutsa chibwana. Darth Vader, chimunthu chachitali chovala zakuda chija, kuno ndi Dark Helmet, amene ndi Rick Moranis, kamunthu kafupi kosenza chisoti chachikulu kuposa mapewa ake. Pamalo pa Chewbacca waubweya uja pali John Candy, theka munthu theka galu. Chombo cha ngwazi yathu ndi galimoto yogonamo, angoimata mapiko.

Madzulo a Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku zitatsika, ndinakhazika laputopu pa mtondo pakhonde n'kuilumikiza ku batire ya sola. Apongozi aamuna anakhala pampando wa ndalema, apongozi aakazi pamphasa chapatali, alamu anga ndi ana a mudzi wonse pansi. Ine ndinadzipatsa udindo womasulira, monga amachitira anyamata a mafilimu a ku Ndirande aja.

Dark Helmet atangolowa, akupuma mwabefu, n'kutsegula chisoti kuti apezeko mpweya, ine ndinafa nalo phwete. Nditapukuta misozi ndinaona kuti ndaseka ndekha.

"Mwanayu ali ndi mphumu," anatero apongozi aakazi, akuuza mwana wawo koma kuti ine ndimve. "Nanga wodwala amasekedwa?"

Pakhonde ponse panalibe amene anaonerapo Star Wars. Ndiye munthu useka bwanji chisoti chachikulu usanaone chaching'onocho? Kwa iwo ameneyu anali msilikali amene boma lake linamupatsa yunifolomu ya saizi ina, zimene sizachilendo.

Ndinapitiriza. Ndinafotokoza kuti dziko la anthu oipawa latha mpweya, pulezidenti wawo amachita kununkhiza wa m'chitini mobisa, ndipo akonza zokaba mpweya wonse wa dziko lina lotchedwa Druidia. Ndinkadikira kuseka. Apongozi aamuna anapukusa mutu.

"Anayamba ndi minda ku Thyolo," anatero. "Lero afika pa mpweya."

"Eee, zoona," anavomera onse. Panafika poti wina akanayambitsa nyimbo ya pamaliro, onse akanapolokezana.

Pano ndinenepo maganizo anga. Mafilimu onyogodola anzawo ali pawiri. Pali ena ngati Spaceballs, amene amafuna kuti ubwere ndi filimu inayo m'mutu, apo ayi watsala. Pali ena ngati Galaxy Quest ya 1999, imene imaseka Star Trek, sewero la pa TV la maulendo a mumlengalenga, koma ili ndi nkhani yakeyake, moti ngakhale amene sanamvepo za Star Trek amamva chisoni ndi Alan Rickman, yemwe m'filimumo ndi katswiri wa zisudzo amene watopa n'kubwereza mawu amodzimodzi moyo wake wonse. M'filimu imeneyo muli zolengedwa za kudziko lina zimene zinaonera sewero la pa TV n'kukhulupirira kuti ndi mbiri yeniyeni. Ine ndinasiya filimu yabwinoyo ku Blantyre, n'kudzapeza zolengedwazo zitakhala pakhonde la apongozi.

Pali malo ena pamene oipa aja amatenga kaseti ya Spaceballs yomweyo, n'kuithamangitsa kuti aone kumene adani awo athawira, mpaka amadziona okha akudzionera. Mlamu wanga anadzuka kuti laputopu yasokonezeka, akufuna kuizimitsa. Ndinachita kumugwira dzanja.

Kenako panafika pamene ndinkadalira. Mfumu ya Druidia aiopseza kuti mwana wake wamkazi amubwezera mphuno yake yakale, yaikulu, imene madokotala anaikonza. Mfumu igonja, iulula nambala yachinsinsi yotsegulira mpweya wa dziko lonse: 1, 2, 3, 4, 5. Dark Helmet akwiya, akuti nambala yotere angaike pa sutikesi ndi chitsiru chokha. Nthabwala iyi sifuna Star Wars. Ndinaimirira, n'kuthira mchere wanga.

"Akuti munthu woika nambala yotere ndi chitsiru! Chitsiru chenicheni, choti ngakhale mbuzi ingachibere ndalama!"

Ana anaseka. Anagubuduka pansi, ena kutsokomola. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati tsopano zayamba. Koma ndinaona kuti sakuyang'ana laputopu. Onse maso ali ku mpando wa ndalema.

"Ya agogo ndi 1, 2, 3, 4!" anakuwa kamtsikana kena.

Zinapezeka kuti pini ya ndalama za pafoni ya apongozi imadziwika ndi mwana aliyense, poti ndi iwo amatumidwa kwa ejenti. Mkazi wanga ananditsina m'nthiti osanditembenukira n'komwe. Apo m'filimu pulezidenti uja, amene ndi Mel Brooks yemwe, akulowa, akumva nambalayo, akudabwa kuti ndi yomwe ili pa katundu wake. Ndinameza malovu.

"Akuti kunja kwazizira," ndinamasulira.

"Akamwini," anayankhula apongozi mofatsa, "ine ndinapuma ntchito ndili mphunzitsi wa Sitandade 8. Akunena za sutikesi."

Anadzuka, anapinda mpando wawo, nalowa m'nyumba. Ana anabalalitsidwa. Filimu inathera pomwepo, tisanafike n'komwe pamene chombo chimasanduka chimzimayi chachitsulo chokoka mpweya ndi makina osesera.

M'mawa anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, foni ili m'manja. Anati ndiwasonyeze mosinthira pini. Ndinawasonyeza, n'kutembenuka pamene ankalemba yatsopano. Anakana kuuza aliyense, ngakhale mayi. Anakananso kuilemba papepala, akuti mapepala ana amawerenga.

Pofika Lachitatu anali ataiiwala. Anayesayesa mpaka foni inawatsekera, ndalama za feteleza wobereketsa zili momwemo. Ejenti wa pamsika anati izi n'za ku ofesi kuboma, apite okha ndi chiphaso cha unzika. Wowaperekeza anasankhidwa popanda chisankho. Ndinalipira kabaza wa anthu awiri, minibasi, fanta ndi mabanzi, ndipo poti mzere unali wautali mpaka ofesi inatsekedwa, ndinagulanso thumba la feteleza ndi ndalama zanga kuti chimanga chisadikire.

Pobwerera tinakhala mpando umodzi, thumba lili pamiyendo panga. Sanandiyankhule mpaka tinatsika. Tikudikira kabaza anatsokomola pang'ono.

"Akamwini, mpweya uja anabweza?"

Ndinati anabweza, bambo.

"Nanga wa mphumu uja?"