Mmene tinakonzera poimaima pa ulendo wa njinga wochokera ku Zomba kukafika ku Chembe

Ulendo woyamba umene ndinapalasa njinga kuchoka kuno ku Zomba kupita ku Cape Maclear ndinabwerako mtima usanakhute. Ndinkayesa kuti ndikangodutsa pa Mangochi madzi akhala pambali panga mpaka ku Monkey Bay, koma msewu wa M10 suyenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Pakati pa phula ndi madzi pali midzi, milambe, migwalangwa ndi mipanda ya malo ogona alendo. Wosakhota saona kanthu. Ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, ndinafika kuli mdima, dzuwa limene anthu amalitama lija litalowa kalekale, ndipo zinandiwawa.

N'chifukwa chake ine ndi alamu anga titapangana zobwererako mu Julayi, tinayamba ndi pepala tisanagwire n'komwe pampu. Ndinalemba malo onse amene ndinkawalakalaka, tsamba linadzaza. Alamu analiyang'ana nati, "Alamu, tikaima ponsepa sitifika. Tsiku lililonse tisankhe malo amodzi okhalitsa, kwinaku tizingomwerako madzi." Tinatero, ndipo kufufuta kunali kovuta kuposa kulemba.

Kenako tinayeza mitunda. Foni inatiuza kuti Zomba mpaka Liwonde ndi makilomita pafupifupi 50, Liwonde mpaka Mangochi oposa 70, ndipo Mangochi mpaka Monkey Bay oposa 60, kuonjezerapo ena 18 a msewu wokhotera ku Chembe. Koma foni sidziwa kulemera kwa keriyala imene mwamangapo tenti, neti, zigubu za madzi ndi machubu. Ife ndi katundu wotere tinawerengera makilomita 12 pa ola, ndipo za mitunda yokwera tinakafunsa anyamata a kabaza ndi madalaivala a minibasi pa depoti.

Chimene chinasintha ulendo wonse ndi ichi: pambali pa dzina la malo aliwonse tinalembapo ola. Malo amakongola pa nthawi yake. Gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay limayang'ana kummawa, ndiye ulemerero wake uli m'mbandakucha. Kufikapo masana n'kungopsa ndi mchenga. Chembe amayang'ana chakumadzulo, ndipo mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30. Choncho tinagawa masiku mobwerera m'mbuyo: kuti tikhale pa mchenga wa Chembe 4 koloko isanakwane pa tsiku lachinayi, tiyenera kugona kuti pa tsiku lachitatu? Yankho linali dera la Nkopola. Julayi tinamusankhanso dala. Kunja kumakhala kozizira, ndipo mwera umakukankha kumsana ukamalowera kumpoto. Mu Okutobala chigwa cha Shire si chopalasamo njinga masana.

Tsiku loyamba linali lopepuka. Tinadutsa Domasi ndi Malosa mapiri ali kumanzere kwathu, n'kupumira pa Machinga kuti tione mabuleki, chifukwa kuchokera apo msewu umatsetsereka mokhotakhota mpaka ku Liwonde. Zomba ali pamtunda wa mamita pafupifupi 900 pomwe nyanja ili cha pa 470, ndiye mumamva mpweya ukufunda mukamatsika. Malo athu okhalitsa anali pa Kamuzu Barrage madzulo, pamene madzi a Shire amawongoleredwa asanakafike ku Nkula ndi Tedzani kokapanga magetsi. Mvuu zinkamveka kubangula chakumtunda. Paki ya Liwonde sitinaiike n'komwe papepala: muli njovu ndi mikango, ndipo imafuna tsiku lakelake.

Lachiwiri linali la thukuta. Tinanyamuka 5:30, tinadya tiyi ndi mandasi pa Ulongwe, tinadzaza zigubu pa mjigo, tinamata chubu kamodzi chifukwa cha minga. Kogona ku Mangochi tinapeza neti yobooka, tinakoleka yathu. Kunyanja musapite opanda neti yanuyanu.

Mangochi tinamupatsa mmawa wonse wa tsiku lachitatu, ndipo ndimanyadira chisankho chimenechi. Ambiri amangodutsa. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ya nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, njinga nditaitsamiritsa pa mwala. Mwera womwewo umene tinkauyamikira kuti ukutikankha ndi umene umautsa mafunde omiza anthu. Titaona nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja, tinapalasa makilomita ngati 25 okha n'kukhotera kumadzi.

Panopa ndiye panali pamtima pa ulendo. Tinadzuka kusanache n'kutsikira pa doko la asodzi. Nyali za amene anachezera kukoka usipa zinali zikuzima imodziimodzi, mabwato akubwerera, kuseri kwa mapiri a tsidya lija kukufiira. Amayi anali atandanda kale ndi mabeseni. Mayi wina wachikulire ankayala usipa pa thandala, dzanja lake likuuwaza ngati akufesa mawere, tinsombato tikunyezimira. Ndinawapatsa moni wa Chiyao, "Ali uli?", anaseka n'kundiyankha, kenako anafunsa m'Chichewa, "Mwachokera kuti ndi njinga, bambo?" Nditati ku Zomba anagwira pakamwa. Ndinapempha kaye ndisanajambule. Doko ndi malo a ntchito za anthu, ndipo kungofika n'kutulutsa foni ndi mwano. Sitinasambe pamenepo, pamene pali bango ndi madzi odekha timaopa likodzo ndi ng'ona, ndiye pa zosambira tinkafunsa eni dera.

Pa tsiku lomaliza tinayenera kusankha pakati pa kukaona doko la Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndi kukhotera ku Chembe nthawi ikadalipo. Pepala linali litagamula kale: tikafika pamphambano 12 koloko itadutsa, Monkey Bay tikamuone pobwerera. Tinafika 12:40, ndiye tinakhota. Makilomita 18 amenewa musawapepulse. Msewu umakwera ndi kutsika m'mapiri a paki ya Lake Malawi, imene UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo penapake tinatsika n'kumakankha, anyani akutiyang'ana ali pamiyala. Tinaima pa Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere ngati munthu analitema mphini, tinadya nthochi zathu zomaliza.

Pa mchenga wa Chembe tinafika 3:50. Tinavula nsapato, tinaitanitsa nsima ya kampango, n'kukhala kuyang'ana chilumba cha Thumbi mpaka madzi onse anasanduka ngati moto. Alamu sanayankhule kanthu, ineyo misozi inalengeza. Mmawa wake tinalipira pachipata cha paki, tinaona manda a amishoni a Livingstonia amene anakhazikika pano mu 1875 malungo asanawasamutsire ku Bandawe, kenako tinakaona nsomba za mbuna zamawangamawanga m'miyala ya Otter Point.

Pobwerera njinga tinazikweza pa galimoto kuchokera ku Monkey Bay. Nyanja ya Malombe, imene tinaifufuta chifukwa tsiku lachiwiri linali lalitali kale, ndailemba pamwamba pa pepala latsopano, ndipo pambali pake ndalembapo 6 koloko mmawa.