Sabata yomasulira mawu a kompyuta ku Chipata

Lolemba foni inalira ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali amayi ena ogulitsa zitenje ku Down Shops, akuti kompyuta yafa. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi intaneti m'mashopu ang'onoang'ono kuno ku Chipata, ndiye mawu oti "yafa" ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri imakhala kuti sinafe. Iyi inali itafadi. Magetsi anazima usiku, pobwera anabwera mwamphamvu n'kuwononga hard disk, kachipangizo kamene kamasunga mafailo onse m'kompyuta.

Ndinawafunsa ngati ali ndi backup. Anakhala kaye chete, kenaka anati, "Mwana wanga, amene anandigulitsa makinawa anati zonse zidzikhala pa cloud. Ine ndinangovomera, ndikanafunsa chiyani?" Nditafufuza ndinapeza kuti palibe amene anawalumikizirapo cloud iliyonse. Ngongole za makasitomala a ku Katete ndi ku Lundazi, za zaka ziwiri, zonse zinali m'failo imodzi ya Excel.

Zimenezi zimandipweteka mtima. Amayiwa amawerengera mtengo wa bandulo la nsalu pamtima mwachangu kuposa ine ndi kakuleta, koma mawu amodzi achingerezi anawachititsa manyazi mpaka kulephera kufunsa. Tinakhala pansi pakati pa milu ya zitenje, ndinawauza kuti backup n'chimodzimodzi kusaika chimanga chonse m'nkhokwe imodzi: china umakasungitsa kwa abale kuti moto ukabuka usagone ndi njala. Cloud si mtambo wakumwamba ayi, ndi makompyuta akuluakulu a kampani ina, ali kutali, amene amakusungira zinthu kudzera pa intaneti. Google Drive, cloud ya kampani ya Google, imapereka malo a 15 GB kwaulere, ndipo mafailo a ngongole ngati awowa sangadzaze ngakhale kangodya kake. Mwayi unali woti mwana wawo anatumizirapo munthu failo ija pa WhatsApp miyezi inayi yapitayo. Tinaipeza. Za miyezi inayi yotsalayo zinapita.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali zazing'ono. Pa loji ina ankadandaula kuti bundle ikutha msanga, osadziwa kuti Mbps ndi liwiro la intaneti pomwe MB ndi kuchuluka kwa zimene wagwiritsa ntchito. Password ya Wi-Fi inali itafika mpaka kwa anyamata a njinga panja pa geti. Ndinaisintha. Mnyamata wina wosindikiza makadi aukwati ankafuna hard disk yaikulu poti makina akuchedwa, chonsecho chochepa chinali RAM. Ndinamuuza kuti hard disk ndi chipinda chosungiramo katundu, RAM ndi tebulo logwirirapo ntchito, ndipo lake ndi laling'ono.

Lachinayi lonse ndinathera pa shopu ya zitsulo ndi simenti, kuthandiza abambo ena achikulire pa Smart Invoice, njira imene ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, inakhazikitsa mu 2024 kuti olembetsa msonkho wa VAT azitulutsira ma invoice. Iwo TPIN (nambala ya wokhoma msonkho), username ndi password ankaziona ngati chinthu chimodzi, ndipo zonse zinali papepala lomatidwa pa sikirini, poonekera aliyense wogula misomali. Tinachotsa pepalalo n'kulemba m'kabuku kokhala m'thumba mwawo.

Lachisanu mtsikana wa pa booth ya mobile money ku Kapata anandiimitsa panjira. Wina anamuimbira kuti ndi wa ku kampani ya foni, amuuze nambala imene yangolowa pa meseji. Sanapereke, koma ankafuna kudziwa kuti nambalayo, imene imatchedwa OTP, n'chiyani. Ndinati ndi kiyi wotsegula kamodzi kokha, ndipo wa kampani weniweni sapempha kiyiyo kapena PIN.

Loweruka ndinabwerera kwa amayi a zitenje ndi hard disk yatsopano, flash ndi ka UPS kosunga moto magetsi akazima. Anandiletsa kugwira mouse. Anakokera okha failo ija pa Google Drive, kawiri, kenaka anatsegula kope lakale n'kuyamba kuimbira makasitomala a ku Lundazi mmodzimmodzi kuwafunsa zimene anatenga.