Tsiku Limene Rotan Anandivula Buluku

Popeza chithunzi changa cha buluku long'ambika chija chazungulira kale pa WhatsApp, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu. Sindinkathawa njoka. Ndipo amene mukuti ndinalira, limenelo linali thukuta.

Amene anandigwira ndi rotan. Ndi mmene amamutchulira m'Chimalay, yemwe uja amalukira mipando ya m'mahotela. Ine ndinkadziwa mpando wokhawo, wosalala, waulemu. Palibe anandiuza kuti m'nkhalango za ku Sabah, chigawo cha dziko la Malaysia pachilumba cha Borneo, mpandowo usanakhale mpando umakhala chigawenga. Ndi mtundu wa kanjedza, koma waulesi, sadziimira yekha. Amayanga m'mitengo ya eni ake mpaka kutalika kupitirira mamita 100, ndipo chokwerera chake ndi kachingwe kowonda kotuluka kunsonga kwa tsamba, kodzaza timbedza topindikira m'mbuyo. Kamangolendewera panjira kudikira nthambi. Tsiku limenelo nthambiyo ndinali ine.

Kanayamba ndi chipewa. Nditembenuke kuti ndichilanditse, kolala yagwidwa. Ndikoke kolala, chikwama chakodwa. Wotiperekeza anakuwa kuti ndibwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, poti mbedzazo zimamasuka ukabwerera kumene wachokera. Koma inu anzanga, munthu wagwidwa kumsana ndi chinthu chosachiona, m'nkhalango mokhala anyani akuluakulu aja otchedwa orangutan, mungamuuze kuti abwerere m'mbuyo? Ndinaponya thupi lonse kutsogolo.

Kweee!

Mbalame zonse za pachilumbapo zinauluka. Buluku linang'ambika kuyambira palamba mpaka kuseri kwa bondo, nsanza yake n'kukwera m'mwamba ngati mbendera. Ndinatsala chilili, mwendo umodzi uli lende, dzanja lamanja litakodwa, lamanzere likuyesa kuphimba dera lofuna manja anayi. M'nkhalango imeneyi mpweya suyenda, thukuta limangotsika tsiku lonse, koma pa nthawiyo ndinamva kamphepo kayaziyazi kakufika malo amene sikanaitanidwe. Gulu lonse linali zii. Aliyense ankayang'ana mitengo mwachidwi chachikulu, kupatula mmodzi amene anatulutsa foni, ndipo akudzidziwa. Za mtundu wa kabudula wam'kati sindiyankhapo. Anali mphatso.

Wotiperekeza anabwera ndi chikwanje chake, kumeneko amati parang, n'kudula kachingweko. Kenako anagwada kumbuyo kwanga n'kuyamba kuzula timbedza kamodzikamodzi, akuwerenga mokweza m'chilankhulo chawo: satu, dua, tiga. Anawerenga modekha ngati akulandira malipiro. Manambala a Chimalay ndinawaphunzira nditawerama, ndipo sindidzawaiwala. Tili pakati, mayi wina wa ku Australia anandiuza mwachifundo kuti kwawo ku Queensland chomerachi amachitchula dzina lotanthauza kuti "tadikirani kaye". Ndinathokoza. Ndinali ndikudikira kale.

Musanaseke kwambiri, tiyeni tione amene ndinalimbana naye. Rotan alipo wa mitundu pafupifupi 600, ndiye si kuti ndinagonja kwa kamtengo wamba. Tsinde lake lilibe mphako ngati nsungwi, ndi lodzaza, limapindika osathyoka. Odula amachita kumukoka ndi mphamvu kuti atsike m'mitengo, asanamusende minga. Ku Singapore ndi amene amakwapulira opalamula milandu ina. Chinthu chimene boma lathunthu limadalira kuti anthu aope, inu mumafuna buluku langa lichigonjetse? Komanso ndinali woyamba pamzere. Aliyense wa inu akanakhala patsogolo, bwenzi chithunzicho chili chake.

Ndinatuluka m'nkhalangomo nditamanga jekete la mvula m'chiuno, ndikuyenda chammbali. Madzulo titafika kogona, mipando yonse ya m'chipinda chodyera inali ya rotan. Ndinadya chiimire. Anthu anaganiza kuti ndi mabala, ndipo mabala analipodi.

Chipewa chija chidakali komweko, mwina chakwera ndithu tsopano.